Chida Chotchipa Kapena Chodula pa Boti la Matanga?

  Lero, mu pulogalamu yathu ya za panyanja, tikambirana nkhani imene imazunguza mutu munthu aliyense amene wagula kapena akukonza boti la matanga, lija loyenda ndi mphepo. Boti lotere limafuna zida ziwiri zoyezera: china chouza woyendetsa kuya kwa madzi amene ali pansi pake, china chomuuza liwiro limene akuyendera. Mukapita kukafunsa mitengo, mupeza kuti zidazi zili m'magulu awiri. Pali zotchipa, monga zija zimapangidwa ndi kampani ya ku Britain yotchedwa NASA Marine, imene ilibe ubale uliwonse ndi bungwe la ku America lija lotumiza anthu kumwezi. Ndiye pali zodula, za makampani monga Raymarine, B&G ndi Garmin, zimene mtengo wake umawirikiza kawiri, katatu, mwinanso kuposa pamenepo. Kodi munthu wanzeru atenge ziti? Kodi amene wagula chotchipa akuseweretsa moyo wake, kapena amene wagula chodula ndiye wangotaya ndalama?

Ndiyambe ndi kunena maganizo anga, kuti muziwayesa pamene tikupitirira. M'madzi osaya, mmene muli ngozi yeniyeni, chida chodula sichiona pansi bwino kuposa chida chotchipa chimene chaikidwa bwino. Ndalama zowonjezera zija mumagulira chinthu china, chimene ndi kulumikizana kwa zida zonse za m'boti kuti ziziuzana zimene zayeza. Ngati boti lanu likufunikadi kulumikizanako, lipirani mosadandaula. Ngati silikufunika, gulani chotchipa chodalirika, ndipo ndalama zotsalazo muzilowetse pa kuchiika bwino ndi kuchisamala. Mfundo yathu lero ndi imeneyo. Tiyenda motere: poyamba tiona mmene chida choyezera kuya chimagwirira ntchito, kenako choyezera liwiro, kenako tifunse chimene munthu amapindula akagula chodula. Tikatero timva zimene anganene anzathu otsutsa, pakuti mfundo zawo si zachibwana, ndipo pomaliza ndikusiyirani mafunso oti mudzifunse musanatulutse ndalama m'thumba.

Tiyambe ndi kuya. Kale amalinyero ankaponya chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, n'kuwerenga mikwamba imene yalowa m'madzi. Sitima ya Titanic itamira mu 1912, akatswiri anayamba kufufuza mwakhama njira zogwiritsa ntchito mawu podziwa zimene zili pansi pa madzi, ndipo mmodzi wa iwo, Alexander Behm wa ku Germany, analembetsa njira yoyezera kuya ndi mawu mu 1913. Nzeru yake ndi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mukafuula pafupi ndi phiri, mawu anu amakubwererani, ndipo phiri likakhala patali amachedwa kubwera. Pansi pa boti pamakhala kachida kotchedwa transducer, kamene kamatumiza kamawu kosamveka ndi khutu la munthu, n'kudikira kuti kagunde pansi ndi kubwerera. Mawu m'madzi amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi imodzi. Chidacho chimangowerenga nthawi imene kamawuko katenga popita ndi pobwera, n'kulemba nambala pa sikirini. Basi. Masamu amenewa ndi amodzimodzi m'chida chotchipa ndi m'chida chodula. Madzi sasintha liwiro la mawu chifukwa cha dzina la kampani lolembedwa pa sikirini.

Pali umboni wina umene ogula ambiri saudziwa. Makampani ambiri a zida zodula sapanga okha transducer. Amagula kwa kampani ya ku America yotchedwa Airmar, imene ili m'dera la New Hampshire, ndipo kachida kofanana kamapezeka kakugulitsidwa ndi masikirini a mayina osiyanasiyana. Choncho anthu awiri akhoza kukangana usiku wonse kuti wa Garmin ndi wa B&G wapambana ndani, pomwe pansi pa maboti awo pali kachida kochokera m'fakitale imodzi. Tsono tione za malire a zidazi. Zida zambiri za maboti a matanga, zotchipa ndi zodula zomwe, zimasiya kuona pansi madzi akafika cha m'ma mamita 100 kapena kuposerapo pang'ono. Nyanja ya Malawi, cha kumpoto, imafika pafupifupi mamita 700. Mukachoka pa Nkhata Bay kulowera pakati, nambala ija imayamba kuphethira kapena kuzimiririka, ndipo palibe chodandaulitsa, chifukwa palibe boti linagundapo pansi m'madzi akuya chotero. Mamita amene amaswa maboti ndi 10 oyambirira: polowa padoko, poponya nangula, podutsa pakati pa zilumba ngati za ku Cape Maclear, kapena pofika kumene nyanja ikuthirira mu Shire ku Mangochi, kumene mchenga umaunjikana. M'mamita amenewa chida chotchipa chili ndi mphamvu zokwanira ndi zotsala.

Nanga ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani timamva anthu akudandaula kuti chida chawanamiza? Kawirikawiri vuto limakhala pa kaikidwe. Mdani wamkulu wa transducer ndi mpweya. Mawu ake amadutsa bwino m'madzi koma amatsekeka akakumana ndi thovu. Mukakaika pamalo pamene boti limatakasa madzi, kapena pamene pamatuluka m'madzi boti likapendekeka ndi mphepo, nambala izidumphadumpha ngakhale mutagula chida chodula kuposa zonse. Ena, poopa kuboola boti, amamata kachidaka m'kati kuti kaziponya mawu kupyola m'thupi la boti. Njira imeneyi imatheka pa boti la faiba lopanda mphako m'thupi mwake, koma pa boti la matabwa siigwira, ndipo pakatsala kathovu kamodzi m'zomatirazo, chida chimachita khungu. Waya wa chidacho ukayenda limodzi ndi mawaya a injini, umatola phokoso la magetsi. Batire likafooka, nambala zimasokonekera. Gulu lalikulu la usipa kapena utaka likadutsa pansi, chida chikhoza kuliyesa nthaka kwa kanthawi. Pansi pa matope ofewa kapena pa udzu wa m'madzi, mawu amabwerera mofooka. Zonsezi zimagwera chida chotchipa ndi chodula chomwe. Chodula chimatha kusefa bwino zosokoneza zina, n'zoona, koma sichingabwezere mawu amene atsekedwa ndi thovu.

Pali chinanso chimene sichifuna ndalama koma chimapulumutsa maboti. Boti la matanga limakhala ndi chipsepse cholemera kunsi kwake, chimene amalinyero amachitcha keel, ndipo chimalowa m'madzi mita imodzi kapena awiri kupitirira pamene pali transducer. Chida chikamati pali mamita 2, mwina chipsepsecho chatsala pang'ono kukhudza mwala. N'chifukwa chake pafupifupi chida chilichonse chimakulolani kuchiuza kutalika kwa chipsepse chanu, kuti chiziwerenga madzi otsala kunsi kwake. Chimakhalanso ndi kabelu kolira madzi akayamba kuchepa. Munthu amene wagula chida chodula koma osakonza ziwirizi ali pangozi kuposa mnzake wa chida chotchipa amene anatenga chingwe ndi mwala padoko, n'kuyeza yekha, n'kuyerekeza ndi nambala ya pa sikirini. Kuyesa kotereku n'kofunika kwambiri panyanja yathu, pakuti madzi ake amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo ndi zaka. Mukukumbukira mu 2024 pamene nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Miyala imene inkaoneka pamtunda inabisala pansi pa madzi. Mapu sakanakuuzani zimenezo. Chida choyesedwa bwino ndi maso anu ndi zimene zikanakuuzani.

Tamaliza za kuya, ndipo mfundo ija yaima: m'madzi osaya, chofunika ndi kaikidwe ndi kasamalidwe, mtengo umabwera pambuyo. Tsopano tiyeni ku liwiro. Panyanja liwiro amaliwerenga m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi mtunda wochepera pang'ono makilomita 2 pa ola. Chida chofala choyezera liwiro ndi kawilo kakang'ono kokhala ndi timapiko, kamene kamatulukira kunsi kwa boti. Madzi akamadutsa, kawiloko kamazungulira, ndipo chida chimawerenga kuti kazungulira kangati. Pa zida zonse za m'boti, aka ndiye kovutitsa. Boti likakhala milungu ingapo pamadzi osayenda, ndere zimamera, tinkhono timamatirira, kawilo kamauma, ndipo sikirini imalemba ziro pomwe boti likuthamanga. M'madzi ofunda ngati athu ndere sizichedwa. Chodabwitsa n'chakuti zida zambiri zodula zimadaliranso kawilo komweka, ndipo ndere siziwerenga lisiti. Mankhwala ake ndi amodzi: kukazula, kukatsuka ndi kaburashi, ndi kukachotsa pamene boti lizikhala nthawi yaitali osayenda. Komanso kawiloko kamafuna kuyesedwa pa mtunda wodziwika, kupita ndi kubwerera, chifukwa boti lililonse limapatutsa madzi mwa njira yakeyake. Zilipo zida zatsopano zoyeza liwiro popanda kawilo, koma mitengo yake ndi ya anthu ochepa.

Apa pali kusiyana kumene ndikufuna mukumvetse bwino, chifukwa ndi kumene kungakupulumutsireni ndalama. Kawilo kaja kamayeza mmene boti likung'ambira madzi. GPS, ngakhale ya m'foni, imayeza mmene boti likusunthira pa dziko. Ziwirizi zimasiyana madzi enieniwo akamayenda. Ku Beira, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique, madzi amakwera ndi kuphwa mamita angapo kawiri pa tsiku, ndipo amathamanga kwambiri polowa ndi potuluka padoko. Kumeneko boti likhoza kung'amba madzi mwamphamvu koma osasuntha kwenikweni, ndipo woyendetsa amene ali ndi manambala onse awiri amadziwa msanga kuti madzi akumukokera kuti. Pa Nyanja ya Malawi palibe kukwera ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku kotero. Madzi amayenda ndithu, makamaka mwera ukawomba masiku angapo, koma kwa munthu wongofuna kudziwa kuti afika liti ku Nkhotakota kapena ku Likoma, GPS imamukwanira. Choncho kwa woyenda maulendo wamba panyanja yathu, chida cha liwiro ndi chothandiza, koma moyo wake sudalira pamenepo. Chida cha kuya ndiye choyamba. Ngati ndalama zili zokwanira chimodzi chokha, musazengereze: gulani cha kuya.

Tsono tifunse mwachilungamo: kodi wogula chodula amapeza chiyani? Amapeza zida zouzana. Pali njira yolumikizira zida za m'boti yotchedwa NMEA 2000, imene imalola kuti waya umodzi uzungulire boti lonse, chida chilichonse n'kumatumiza zimene chayeza ndi kulandira za zinzake. Kuya kumaoneka pa mapu a pa sikirini, pa chiwongolero, ngakhale m'chipinda chogona. Makina owongolera boti okha amalandira uthenga wa mphepo ndi liwiro. Chofunika kwambiri ndi ichi: kachida ka mphepo kokhala pamwamba pa mlongoti kamamva mphepo yosakanikirana ndi ija imabwera chifukwa boti likuyenda. Kuti mudziwe mphepo yeniyeni, kumene ikuchokera ndi mphamvu yake, chida cha mphepo chiyenera kuuzidwa liwiro la boti. Apa ndi pamene kawilo kaja kamasanduka kofunika, ndipo apa ndi pamene makampani ngati B&G, amene anayamba ku England m'zaka za m'ma 1950 ndipo anatchuka ndi maboti a mipikisano, amaonetsera luso lawo. Pa mpikisano ngati uja wa maboti a matanga wa pa Nyanja ya Malawi, umene unayamba m'zaka za m'ma 1980 ndipo umachitika nyengo ya mwera, kaliwiro kakang'ono kamene mwataya pa ola kamasanduka makilomita pofika madzulo. Zodula zimakhalanso ndi masikirini owala bwino padzuwa ndi usiku, ndipo sikirini imodzi imatha kusonyeza zinthu zambiri. Zimenezi n'zenizeni ndipo n'zabwino. Koma taonani kuti palibe chimodzi mwa izo chimene chikusintha nambala ya kuya pamene mukuyandikira mwala.

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukambirana za kusankha pakati pa zida zotchipa ndi zodula zoyezera kuya ndi liwiro pa boti la matanga. Tanena kuti m'madzi osaya zonse zimaona mofanana zikaikidwa bwino, ndipo mtengo wa zodula umagula kulumikizana. Tsopano timve otsutsa.

Wotsutsa woyamba akuti: chotchipa chimadula. Akuti masikirini otchipa amalowa chinyezi, manambala amafufutika ndi dzuwa, mabatani amauma, ndipo pakapita zaka zochepa mugulanso china. Akuwonjezera kuti kachubu kolowetsamo kawilo pa zida zambiri zodula kamakhala ndi kachitseko kochepetsa madzi olowa pamene mukuzula kawilo, pomwe pa zotchipa madzi amathovokera m'boti mpaka mutatsekapo. Mnzathuyu ali ndi mfundo, ndipo ikutiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali chida chotchipa chochokera ku kampani yodziwika, imene yakhala ikupanga zida zomwezo zaka zambiri ndipo imagulitsa kawilo, waya ndi sikirini padera. Palinso chida chopanda dzina, chopanda buku la malangizo, chimene chikafa simudziwa kolowera. Chachiwirichi ndikuvomereza, chisiyeni. Koma choyambacho, ngakhale chitafa msanga kuposa chodula, mukhoza kuchigula kawiri ndalama zanu zisanafike pa mtengo wa chodula chimodzi. Ndipo zida zodula nazo zimakalamba mwa njira yawoyawo: kampani imasintha mtundu, mapulagi amasintha, sikirini yakale imasiya kupangidwa, ndipo mukataya imodzi mumapezeka mukusintha zitatu. Chivindikiro chotchinga dzuwa chimatalikitsa moyo wa sikirini iliyonse. Pa nkhani ya bowo la pansi pa boti, apo ndiye sindilola kuumira. Chilichonse choboola boti chiikidwe ndi mmisiri wodziwa, ndi zomatira zoyenera, ndipo chitsekero chake chimangiriridwe pomwepo ndi kachingwe.

Wotsutsa wachiwiri akulankhula za moyo. Akuti m'boti mumakwera ana ndi alendo, ndiye pa chitetezo munthu sawerengera makwacha. Akutikumbutsanso kuti pakati pa zida zodula pali zina zotha kuona kutsogolo kwa boti, pomwe chida wamba chimangoona pansi pamene mwafika kale. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo aliyense aisunge: chida cha kuya chimakuuzani za pansi panu, sichikuuzani za patsogolo. Kumene pansi pamakwera pang'onopang'ono, monga pa mchenga, chimakuchenjezani nthawi ikadalipo. Kumene mwala umangodzuka mwadzidzidzi kuchokera m'madzi akuya, monga m'mbali mwa zilumba za miyala, kapena ku Kariba kumene mitengo inamizidwa damu litatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nambala imasintha boti litagunda kale. Koma chida choona kutsogolo ndi chida china chapadera, chogulidwa padera, chofuna bowo lake ndi sikirini yake, ndipo m'madzi osaya chimaona patali pang'ono chabe, moti chimathandiza pokhapokha mukuyenda pang'onopang'ono. Amene akuyenda pang'onopang'ono masana m'madzi oyera ngati a ku Cape Maclear, ali ndi munthu kutsogolo kwa boti akuyang'ana pansi, amaona mwalawo ndi maso. Ndipo ngati tikunenadi za moyo, tiwerengere bwino. Ndalama zimene mwapulumutsa pogula chida chotchipa zikhoza kugula majekete oyandamitsa okwanira aliyense, nangula wabwino ndi tcheni chake, wailesi yoitanira thandizo, ndi mpope wochotsera madzi. Mwera ukakupezani pakati pa nyanja, zinthu zimenezi zikuthandizani kuposa sikirini yokongola.

Wotsutsa wachitatu akuchokera mbali ina. Iye akuti zonsezi n'zosafunika: foni ikupatsani liwiro, ndipo kachida kofufuzira nsomba, kamene nthawi zambiri kamatchipa, kakupatsani kuya pamodzi ndi chithunzi cha pansi. Pa boti laling'ono longoyenda masana, ameneyu sakulakwa kwenikweni. Kachida ka nsomba kamagwiritsa ntchito nzeru yomwe ija ya mawu obwerera, ndipo chithunzi chake chimathandiza kusiyanitsa mchenga ndi miyala pofuna malo oponya nangula. Koma pali zoyenera kusamala. Zida zambiri zotere zimabwera ndi transducer yomangirira kumbuyo kwa boti la injini, pomwe boti la matanga likapendekeka kumbuyoko kumatha kutuluka m'madzi, ndipo chipsepse chija chimakhala kutsogolo kwake, moti chimafika pa mwala kachida kasanauone. Sikirini yake ya mitundu imadya batire kuposa kasikirini ka manambala akuda. Foni nayo imatha moto, imanyowa, imagwera m'madzi, ndipo padzuwa la masana siiwerengeka. Choncho foni ikhale yothandizira pa liwiro, koma kuya kukhale ndi chida chakechake, chomangiriridwa pamalo oonekera kwa wogwira chiwongolero, choyaka nthawi zonse.

Wotsutsa wachinayi ndi amene ndimamuopa kwambiri, chifukwa amalankhula modekha. Akuti: lero simukufuna kulumikiza zida, koma mawa mudzafuna, ndiye bwanji osayamba ndi zodula kuti musadzagule kawiri? Yankho langa lili pawiri. Ngati mukudziwa ndithu kuti posachedwa muika makina owongolera okha ndi mapu a pa sikirini, ndipo ndalama zake mukuziona, mnzathuyu akunena zoona, yambani ndi transducer yolumikizika kuti musadzaboole boti kachiwiri. Koma ngati ndi maloto chabe a tsiku lina, mukulipira lero ntchito imene mwina simudzaigwiritsa. Komanso walira mvula walira matope. Zida zonse zikakhala pa waya umodzi, vuto la pa wayawo likhoza kuzimitsa zonse nthawi imodzi. Mphezi, imene siisowa panyanja yathu nyengo ya dzinja, ikagunda mlongoti kapena pafupi, magetsi ake amatha kutsata waya womwewo n'kuwononga chida ndi chida. Chida choima pachokha chili ndi mawaya ochepa, ndipo chikavuta, munthu wodziwa magetsi a galimoto akhoza kulondola vutolo ndi kamita kake.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya kwathu kuno. Zidazi sizipangidwa kuno, ndipo simungangolowa m'sitolo ya ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay n'kupeza kawilo kapena pulagi ya mtundu wanu. Zimaitanitsidwa kunja, nthawi zambiri kudzera ku South Africa kapena ku Ulaya, ndi ndalama zakunja zimene zimavuta kupeza, kuphatikizapo mtengo wonyamulira ndi msonkho. Chitsimikizo cha kampani chakuti idzakonza chida chikawonongeka chimamveka bwino kwa munthu wa ku Southampton, amene wogulitsa ali naye pafupi. Kwa munthu wa ku Senga Bay chimatanthauza kutumiza chida kunja ndi kudikira, boti lili khungu. Pa chifukwa chimenechi, mtengo weniweni wa chida suli pa tsiku logula lokha. Uli pa tsiku limene chafa, ndi pa masiku amene mukhale osayenda. Amene wagula chotchipa akhoza kuitanitsiratu kawilo kapadera, ngakhale transducer yapadera, n'kusunga m'kabati. Magetsi nawo ndi nkhani: maboti ambiri amadalira batire ndi kasola kamodzi, ndipo kasikirini kosavuta kamatha kuyaka usiku wonse osamaliza batire, pomwe masikirini akuluakulu angapo amafuna mabatire owonjezera, amene nawonso ndi ndalama.

Musandimve ngati ndikunyoza zida zodula. Alipo anthu amene akazisiya alakwa. Amene amapikisana mofuna kupambana, amene amanyamula alendo pa boti lalikulu masiku angapo n'kumayenda ndi usiku, amene amayenda yekha mtunda wautali atasiyira makina chiwongolero, amene akupita ku nyanja ya mchere kumene madzi amathamanga, onsewa akufunika zida zouzana, ndipo kwa iwo mtengowo ndi woyenera. Koma mwini boti la banja, loyenda masana kuchoka pagombe lina kupita pa lina, kumangirira dzuwa lisanalowe, safunika kuchita manyazi ndi kasikirini kake ka manambala akuda. Ngati anakaika pamalo abwino, anakayesa ndi chingwe, anakonza kabelu kake, ndiye kuti akudziwa za pansi pake mofanana ndi mnzake wa zida za mamiliyoni.

Tisanatseke, ndikusiyirani mafunso oti mukambirane ndi amene mumayenda nawo. Loyamba: kodi boti lanu limayenda kuti, ndipo nthawi yanji, masana okha kapena ndi usiku womwe? Lachiwiri: kodi m'botimo muli chida china chimene chikufunadi kuuzidwa kuya kapena liwiro, kapena wofuna kudziwa ndi inu nokha? Lachitatu: chidacho chikafa mawa, ndani angachikonze, ndipo zosinthira zichokera kuti? Lachinayi: kodi majekete, nangula ndi mpope zilipo kale, ndipo zili bwino? Ndipo kwa inu amene chida muli nacho kale, funso ndi limodzi: munachiyesa liti ndi chingwe? Mukayankha mafunso amenewa moona mtima, mupeza kuti chisankho sichivuta. Ngati zida zanu ziyenera kuuzana, gulani zodula. Ngati ayi, gulani chotchipa cha kampani yodziwika, muyambe ndi cha kuya, ndipo mulipire mmisiri wabwino kuti achiike. Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakambirana za nangula, mitundu yake ndi kutalika kwa chingwe choyenera pa mchenga ndi pa miyala.